Zimene Unkafuna Kundiuza Lolemba

Wokondedwa mwana wanga Filomena, Nachisale,

Ndikulemba kalatayi masana ano nditakhala m'chigafa, pamene amayi ako ndi azakhali ako akukukazingira mtedza wa kamba wa mawa. Udabwa kuti bambo wako akukulembera kalata chikhalirecho uli m'nyumbamo ukupinda zovala, pamtunda woti ndikhoza kungokuitana. Chifukwa chake n'chakuti pakamwa panga sindikupakhulupiriranso. Ndikangoyasamula pamatuluka mwambi wa Chingerezi, koma ndikagwira cholembera ndimayamba ndaganiza kaye.

Ukukumbukira Lolemba lapitali. Ndinali pamakwerero ndikumanga khola la nkhunda limene linapendama ndi mphepo. Unabwera, unagwada chapatali pang'ono, n'kunena kuti, "Bambo, pali zimene ndimafuna ndikuuzeni za ulendowu." Ine osatsika n'komwe, luzi lili m'manja, ndinakuyankha kuti, "Make hay while the sun shines, mwana wanga." Ndinakumasulira kuti Angerezi amatero ponena kuti udzu wa ng'ombe uumitsidwe dzuwa likadalipo. Ndinakuuza kuti mwayi wokaphunzira unamwino ku Mangalande sugwera aliyense, kuti m'parishi yathu yonse ndiwe woyamba, kuti anzako akuulirira. Unadikira mpaka nditamaliza, unati, "Chabwino, bambo," n'kudzuka. Ine ndinakhutira ndithu, ndimvekere mumtima, mwana uja ndamulimbitsa.

M'mawa mwake kudimba amayi ako anandifunsa tikuthirira mpiru. "Kodi a Chisale, mwana uja dzulo anakuuzani chiyani?" Ndinafunafuna m'mutu, osapezamo kanthu. Iwo anaika ndowa pansi. "Ndiye inu munayankha funso liti?" Ndinawapempha kuti andiuze okha ngati akudziwa, koma anati iwonso unawakanira, akuti nkhaniyo ndi yoyenera bambo. Kuyambira pamenepo ndakufunsa kawiri, ndipo kawiri konse wandiyankha kuti, "Palibe, bambo, zinatha." Sizinathe, Filomena. Mawa ukupita kukakhala zaka zinayi kutsidya la nyanja, ndipo ine sindikudziwa zimene mwana wanga ankafuna kundiuza. Zikundidya mumtima, ndipo ndikufuna kuzimva usanakwere basi.

Pofunafuna yankho ndinachita chinthu chimene mphunzitsi wopuma sayenera kuchita. Ndinatsegula envelopu ya mapepala ako a ulendo imene ili pawindo. Undikhululukire. Ndinapezamo kope lako la fomu ija imene anakutumizira a kusukulu ya anamwino kuti akudziwe usanafike. Pali mzere wina pamene alemba kuti hobbies, ndiye kuti zimene munthu amachita pongozikonda, popanda womutuma kapena womulipira. Iwe walemba zitatu: kuwerenga, kusonkhanitsa masitampa, ndi kusambira. Kuwerengako ndavomera. Koma kusambira, mwana wanga, unakaphunzira kuti? Kamtsinje kathu aka kamene ngakhale mwezi wa Febuluwale kamalekeza m'mawondo? Nanga masitampawo ali kuti? Sitampa iliyonse yofika pakhomo pano amayi ako amayatsira moto pamodzi ndi envelopu yake. Ndinaseka ndekha, kenaka kuseka kunandithera, chifukwa bodza limenelo ndinalizindikira. Ndi langa. Ndinalinama ine iwe usanabadwe, pafupifupi mawu omwewo.

Ndiyambe ndi za miyambi, poti ndiyo inanditseka makutu Lolemba. Ndili mnyamata, ndikuphunzira uphunzitsi, bambo mfumu wina wachizungu anandipatsa kabuku kachikuto chofiira ka miyambi ya Chingerezi. Ndinakaloweza konse ngati katekisimu. Ndinkaona ngati ndapeza kiyi wa nzeru za Azungu. Nditayamba kuphunzitsa, mwana akabwera ndi malaya ong'ambika pang'ono ndinkamuuza kuti, "A stitch in time saves nine," kutanthauza kuti usoke kakadali kabowo kakang'ono. Ndinaunena mwambiwu mpaka ana anandipatsa dzina lakuti Sititchi. Usayese sindikudziwa kuti mpaka lero amuna a ndevu zoyera amati ndikadutsa pamsika, "A Sititchi awo." Dzinalo linkandikomera. Sindinadzifunse n'kamodzi komwe chifukwa chimene mwana uja anabwerera ndi malaya ong'ambika, kaya kwawo kunalibe singano, kaya kunalibe mayi. Mwambi unkandithandiza kumaliza nkhani ndisanaimve.

Amayi ako ndinatsala pang'ono kuwaphonya chifukwa cha kabuku komweko. Sanakuuzepo? Ndinawaona koyamba atabwera kudzacheza kwa azakhali awo ku Mtengowanthenga, ndipo ndinawalembera kalata ya masamba awiri, Chingerezi chokhachokha, miyambi isanu ndi iwiri. Umodzi unali wakuti, "Faint heart never won fair lady," ndiye kuti wamantha sakwatira mkazi wokongola. Iwo sukulu analekeza Sitandade 3, choncho kalatayo anapita nayo kwa mlongo wawo, malume ako a Benedikito, amene anaiwerenga mokweza pabwalo anthu akusenda chimanga, n'kumamasulira mmene akufunira. Mudzi wonse unagwa nako kuseka. Patapita sabata kalata yanga inabwerera, kumbuyo kwake atalemba ndi pensulo: "Ngati mukufuna banja, nenani m'chinenero chimene ndidzakuyankhireni." Pomwepo kunali telala wina wa ku Dzoole amene anali atanena kale zake m'mawu atatu okha. Ndinapalasa njinga tsiku lomwelo, thukuta kamukamu, ndipo nditafika ndinaima ngati chitsa, chifukwa m'Chichewa munalibe pobisala. Ndinangoti, "Ndakukondani, ndipo ndikuopa." Amayi ako amati mawu achiwiriwo ndiwo anawagwira mtima.

Ndiye ukumbukire, Nachisale, mwambi ndi ngati mchere. Umathira m'ndiwo zimene zilipo kale, suupereka wokha m'mbale kuti mlendo adye. Kumene ukupitako udzasamalira odwala. Munthu akakuuza kuti akuopa, usamuponyere mwambi, wa Chingerezi kapena wathu. Umufunse kuti akuopa chiyani, kenaka utseke pakamwa. Ine ndakhala zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana a eni kuyankha mafunso, koma kufunsa ndi kudikira ndikuphunzira sabata ino.

Komabe sindikubisa, miyambi ya anthu amenewa imandichititsa chidwi mpaka lero, ndipo pali zimene ndikufuna ukandionere. Kodi eni akewo amainenadi? Kapena ili m'mabuku mokha, n'kumatitumizira ife kuti tizivutika nayo pa mayeso? Ali ndi wina woletsa kuika mazira onse m'dengu limodzi. Ine ndaona amayi a kuno akutsika phiri ndi mazira onse m'mbale imodzi pamutu, osasweka ndi limodzi lomwe. Kodi kumeneko njira ndi zoterera kwambiri, kapena akazi ake sadziwa kusenza? Ali ndi wina wonena kuti ophika akachuluka msuzi umaonongeka, ndi winanso wonena kuti manja akachuluka ntchito imapepuka. Nanga akakumana awiri, wina ndi uwu wina ndi uwo, amaweruza ndani? Ife timati mutu umodzi susenza denga, ndipo sindinamvepo wotsutsa. Ukatchere khutu m'basi, m'sitolo, m'chipatala. Ukamva nkhalamba ikunena mwambi, ukandilembere kuti inanena uti, kwa yani, ndipo womverayo anatani nkhope. Safunsa anadya phula, ukafunse ndithu.

Tsopano za bodza lija. Nditangokwatira, bambo mfumu yemwe uja anandipatsa adiresi ya munthu wina wa kwawo ku Mangalande amene ankafuna mnzake wolemberana naye makalata ku Africa. Dzina lake anali a Harold, bambo wachikulire wogwira ntchito mumgodi wa malasha kumpoto kwa dziko lawo. M'kalata yoyamba anandifunsa zimene ndimakonda kuchita ndikaweruka. Ndinakhala ndi funsolo masiku atatu. Ndinene kuti ndimaweta nkhunda? Kuti Loweruka ndimasewera bawo patsinde pa mango? Ndinaona ngati Mzungu adzati uyu ndi munthu wakutchire. Ndiye ndinatenga nyuzipepala yakale, tsamba lija limene anyamata a m'tauni amafunirapo anzawo a makalata, n'kukopera zimene iwo ankalemba. Ndinauza a Harold kuti ndimakonda tenesi, kusambira ndi masitampa. Tenesiyo ndinali ndisanaionepo ndi maso.

Bodza limafuna kudyetsedwa ngati nkhumba. Khirisimasi yoyamba a Harold ananditumizira timipira titatu ta tenesi m'chitini. Ndi timipira tija taubweya timene iwe ndi anzako munkaponyerana pa fulaye mpaka tinasanduka zikopa, tsopano wadziwa kumene tinachokera. Ine ndinayenera kuthokoza, n'kupeka masewera amene ndinapambana, n'kupekanso mnzanga amene ndinamugonjetsa. Iwo ankayankha mwaulemu, theka la tsamba: kuno kukuzizira, akazi anga akupereka moni, ndasangalala kuti mwapambana. Ine ndinkabweza tsamba lodzaza miyambi. Zaka zisanu ndi zinayi tinalemberana choncho, anthu awiri aulemu osadziwana. Kamodzi kokha anandiseka pang'ono, anati ndimalemba ngati agogo awo aakazi, ndipo ine ndinayesa akundiyamikira.

Chaka china vumbwe analowa m'khola n'kundiphera nkhunda khumi ndi imodzi, pamodzi ndi yaimuna yoyera imene ndinaiweta kuyambira ili chiunda. Ndinakhumudwa kwambiri moti kalata ya a Harold ndinachedwa kuiyankha mwezi wathunthu. Polemba, mtima uli kuwawa, ndinaiwala kunama. Ndinangoti pepani ndachedwa, chilombo chandithera nkhunda. Ndinaponya kalatayo, kenaka m'njira ndinadziluma chala kuti ndadziulula.

Yankho linabwera masamba asanu ndi atatu, Filomena, olembedwa mbali zonse, zilembo zothamanga ngati za mwana amene akuopa kuti belu lilira. Munthu uja anali woweta nkhunda kuyambira ali mnyamata. Anali nazo makumi anayi kuseri kwa nyumba yake, iliyonse ndi dzina lake. Anandiuza kuti kwawoko nkhunda amachita nazo mpikisano: amaziika m'zitete, n'kuzikweza sitima kupita nazo kutali, mtunda woposa kuchoka kuno kukafika ku Blantyre, n'kuzitsegulira zonse pamodzi, ndipo eni ake amakhala pakhomo maso kumwamba, wotchi m'manja, kudikira kuti ya yani iyambe kufika. Ndinawerenga kawiri osakhulupirira. Ndipo mafunso ake anali osatha. Khola lanu mumamanga ndi chiyani? N'chifukwa chiyani mumalikweza pamitengo? Mumazidyetsa chiyani? Vumbweyo ndi wamkulu bwanji? Pomaliza analemba kuti, "Bwanji simunandiuze kale? Ine tenesi sindiidziwa, ndi masewera a mabwana. Zaka zonsezi ndinkachita manyazi kukuuzani za nkhunda zanga, poti inu ndinu mphunzitsi."

Waona? Iye ankabisa nkhunda zake poopa ine, ine ndinkabisa zanga poopa iye. Chaka chotsatira tinalemberana makalata enieni. Ndinamuuza zimene timanena kuno, kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, zikaona mwamuna ndi mkazi akukangana zimasamuka. Iye anati akauza anzake kumalo kumene amamwera mowa, ndipo anabweza kuti atatu avomereza kuti ndi zoona, mmodzi wakwiya chifukwa zake zinali zitangothawa. Ndinamuuza kuti ife mlendo wolemekezeka timamuphera chiunda, iye anati zimenezo asazimve nkhunda zake. Anandiphunzitsa kukhoma malata osalala kuzungulira mitengo ya khola kuti chilombo chizitereka, ndipo malata amene ukuwaona pakhola paja ndi nzeru zake. Makalata oterowo analipo asanu okha. Yachisanu ndi chimodzi inalembedwa ndi mkazi wake, kunena kuti chifuwa cha mumgodi chamutenga. Ndinalira, mwana wanga, ndipo china chimene ndinkalira ndi zaka zisanu ndi zinayi zija zimene ndinazitaya pa tenesi.

Ndiye ukumbukire, Nachisale, akakufunsa kumeneko zimene umakonda, unene zoona. Adzakufunsa ndithu, akuti ndilo funso lawo akakumana ndi mlendo, monga ife timafunsira za kumudzi ndi za mvula. Ukanena masitampa adzakubweretsera masitampa, ndipo udzakhala nawo wekha m'chipinda ukuwayang'ana. Ukanena chimene umachikondadi, mwina asanu adzadabwa, koma wachisanu ndi chimodzi adzasendeza mpando. Ndiponso iwe uwafunse zawo. Ndimamva kuti ena amakhala tsiku lonse m'mbali mwa mtsinje ndi mbedza, akagwira nsomba n'kuibwezeranso m'madzi. Ena akuti amakwera phiri popanda chimene akukatenga pamwambapo, pamene ife a kuno ku Dowa timakwera chifukwa munda uli komweko. Usawaseke, uwafunse chimene amamvamo, ndipo undiuze. Ukapeza mpata Loweruka lina, ukaone nkhunda za mpikisano zija zikufika. Ndikufuna kudziwa ngati zimatera mwakachetechete kapena zimayamba zazungulira ngati zathuzi.

Koma chimene umachikondadi ndikuchidziwa, ndipo ndikudziwanso chifukwa chimene sunachilembe pafomu paja. Apa ndiye pamene cholembera chikundilemera. Unali ndi zaka khumi. Linali Loweruka, tili patsinde pa mango pafupi ndi golosale, ine ndikusewera bawo ndi malume ako a Benedikito, amuna ena asanu ndi mmodzi ataunjikana kuonerera. Amayi ako anakutuma kudzandiitana, koma iwe unaima kumbuyo kwanga n'kuiwala chimene unadzera. Nditatambasula dzanja kuti nditole nkhomo za m'dzenje lina, unati, "Ayi bambo, mukatero akudyani zonse za kutsogolo. Yambani apa." Unaloza ndi kachala. Anthu anaseka. Ine ndinasewera mmene ndinafunira, ndipo malume ako anandidya mzere wonse monga unanenera. Pamenepo wina anati, "Aphunzitsi, tapatsani mwanayu mpando." Malume ako, mwa nthabwala, anakukhazika pamalo panga n'kuyalanso nkhomo. Unawagonjetsa. Anati mwina ndi mwayi, munabwereza, unawagonjetsanso, osawerenga ndi chala, maso okha akuyenda m'maenje.

Bambo wanzeru akadakunyamula paphewa. Ine ndinamva manyazi kutentha m'makutu, poti amuna anali kundiyang'ana akumwetulira. Ndinaimirira n'kunena mokweza, kuti onse amve kuti Chingerezi ndimachidziwa, "Children should be seen and not heard." Kenaka ndinamasulira, kuti nawenso umve bwino: mwana ndi wongooneka, si womveka. Ndinawonjeza kuti bawo si masewera a atsikana, upite ukathandize amayi ako. Unatsitsa nkhomo zimene zinali m'manja mwako, imodziimodzi, osalira, n'kunyamuka. Kuyambira tsiku limenelo sindinakuonenso pafupi ndi bawo, ndipo ndinkati mwana wanga ndi womvera.

Chaka chatha ndi pamene malume ako anandiuza, akuseka, kuti kusukulu yogonera kuja unkagonjetsa alonda ndi ophika onse, mpaka asisitere ena ankabwera kudzaonerera. Amayi ako nawo anaulula kuti kuseri kwa khitchini kuli maenje amene umakumba ndi kufotsera ndikamabwera. Zaka khumi zapitazi aliyense pamudzi pano wakuonapo ukusewera, kupatula ine. Ndiye Lolemba, pamene unati "Chabwino, bambo" n'kudzuka, sunachite chachilendo. Unachita zimene ndinakuphunzitsa ndekha patsinde pa mango. Ndinalakwa, mwana wanga. Ndinalakwa tsiku lijalo, ndipo ndinalakwanso Lolemba. Mwambi umenewo ndi woipa, kaya anaupeka ndani, ndipo ukakaumva kumeneko ukawauze kuti mphunzitsi wina wa ku Malawi anauyesa pa mwana wake ndipo sunamuthandize.

M'sutikesi mwako, pansi pa bulangeti, amayi ako aikamo kathumba ka nkhomo zanga zonse makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Thabwa lake ndi lolemera, silingakwere ndege, koma m'dziko la anthu odziwa kupanga sitima simungasowe mmisiri woboola maenje pathabwa. Ukawaphunzitse. Ndikufuna kudziwa ngati Mngerezi angathe kuwerenga maenje ndi maso okha, kapena adzafuna pepala ndi pensulo. Fomu ija inapita kale, palibe kanthu. Akadzakutengera kumadzi kuti usambire, udzangowauza kuti unalemba uli ndi mantha, adzaseka n'kuiwala.

Pali zina zing'onozing'ono zimene bambo aliyense anganene. Khadi la chipani usaliike m'sutikesi, likhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa pokwera basi adzalifuna, ndipo pamsika ku Lilongwe adzalifunanso. Zovala zimene atsikana akumeneko amavala, mathalauza ndi timadiresi tolekeza m'ntchafu, ngati udzaziyesa uzidzazisiya komweko pobwera. Ndipo makalata ochokera kunja amafika kuno atamatidwa kawiri, ukudziwa chimene ndikunena. Uzilemba za chisanu, za odwala ako, za bawo, za nkhunda, za miyambi. Nkhani za akuluakulu a dziko uzisiye, ngakhale anzako a kuno amene udzawapeze kumeneko atazikamba momasuka chotani. Ukayenda siya phazi, mlomo umatsata mwini. Kalata inonso ukawerenga uwasiyire amayi ako, isakwere nawe basi. Ichi n'chifukwa chinanso chimene ndikufunira kumva nkhani yako tikadali maso ndi maso. Ngati ndi yolemera, papepala lodutsa m'manja mwa anthu ena sudzailemba, ndipo idzakhala mumtima mwako zaka zinayi.

Ndayesa kulota ndekha kuti ingakhale chiyani. Kodi ndi mnyamata? Pali uja wothandiza adokotala kuchipatala cha mishoni, amene masiku ano akandiona amatsika panjinga ali kutali n'kundipatsa moni ndi manja awiri, ulemu wopitirira muyezo. Ngati ndi iyeyo, nena, sindidzaluma munthu. Kodi ndi ndege? Imeneyo nanenso ndimaiopa, sindimvetsa chimene chimaigwira m'mwamba. Kodi ndi miyendo ya amayi ako imene yayamba kutupa, ukuopa kuti udzawapeza bwanji? Zonsezi ndaziganiza, ndipo chilichonse ndingathe kuchisenza.

Koma pali china chimene chandibwerera lero m'mawa, ndipo ndi chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Kalata yopempha malo kusukulu imeneyi ndinalemba ndine. Ndinamva kwa bambo mfumu kuti pali mwayi, ndinathamanga kunyumba, ndinailemba ndi Chingerezi changa chabwino kwambiri, ndinanenamo kuti kuyambira uli mwana unkalakalaka unamwino. Iwe ndinangokupatsa cholembera n'kukulozera posaina. Ndafufuza m'mutu mwanga tsiku limene unandiuzapo kuti ukufuna kukhala namwino, ndipo sindikulipeza. Mwina lilipo, ndinali ndikulankhula. Mwina palibe. Mwana amene amaona maenje makumi atatu ndi awiri n'kudziwa kumene nkhomo yomaliza idzagwere, mwina mtima wake uli pa masamu, kapena pa china chimene ine sindinachiganizepo. Sindikudziwa, Filomena. Ndine bambo wako, ndakulera zaka makumi awiri, ndipo sindikudziwa.

Ndiye tichite chonchi. Mawa sutikesi ndinyamula ine. Kuchoka pano kukafika pa Boma ku Dowa ndi maola awiri tikadzera njira ya kuphiri, ndipo ndapempha amayi ako ndi azakhali ako kuti iwo ndi operekeza ena atsogole, ife awiri titsalire m'mbuyo. Ine ndidzakhala chete. Zidzandivuta, ukundidziwa, koma ndidzakhala chete, ndipo ukaona ndayamba kukonza kukhosi undigwire dzanja. Usafulumire. Ngakhale titayenda ola lathunthu osalankhula, sindidzadzaza mpatawo ndi mawu anga.

Ukandiuza kuti ukupita ndi mtima wako wonse, kungoti pali kena kamene kamakuvuta, tidzakakonza poyenda pomwepo, ndipo ndidzakukweza basi ndi chimwemwe. Koma ukandiuza kuti ulendowu ndi wanga, si wako, tidzatembenuka pamene tafikapo. Sutikesi ndidzaisenza ndekha kubwerera nayo, dzuwa lili pamutu, kudutsa pasukulu, pagolosale ndi patchalitchi. Amene anadya mbuzi yotsanzikana Lamulungu adzaseka, ndipo aseke, mbuziyo inali yanga. Kwa bambo mfumu ndidzapita ndekha kukafotokoza, ndipo ndidzanena kuti wolakwa ndi amene analemba kalata, osati amene anasaina. Ndakhala ndikudzitama mwezi wathunthu kuti mwana wanga akupita ku Mangalande, ndipo manyazi ake adzandiwawa, sindikunama. Koma ndingakonde kusekedwa ndi parishi yonse kusiyana n'kuti upite kutali chotero chifukwa choti bambo wako sanakupatse mpata womaliza chiganizo chimodzi.

Ndatha ine bambo wako, amene ndikudikira kumva,

Gelevaziyo Chisale